Chikhatho cha Pamsana Panga

Lolemba, 14 Okutobala

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lapafupi ndi zenera. Ndikulemba nditagona chafufumimba chifukwa msana sukufuna kukhudzidwa ndi kanthu. Kabuku aka ndi kamene ndimalembamo ndondomeko ya Chigwirizano, ndangokatembenuza n'kuyambira kumapeto. Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Anamwino pano sangawerenge, ndipo ana anga, ngakhale amamva, kuwerenga kumawatopetsa mzere wachiwiri usanathe.

Kutentha thupi 39.1. Matuza kuyambira m'khosi, mapewa onse awiri, mpaka pakati pa msana. Ena aphulika n'kuchita mafinya. Andiika diripu, jakisoni maola asanu ndi limodzi alionse, ndi mapiritsi opha ululu. Atenga magazi. Shuga ali bwino.

Sisitala anandifunsa kuti ndinapsa ndi chiyani. Ndinati sindikudziwa. Zinayamba liti? Sabata yatha. Ndinapakapo chiyani? Mankhwala otsukira mano ndi dzira laliwisi. Anapukusa mutu n'kunena m'Chishona kuti akuluakulu ndi amene amavuta kuposa ana.

Mwa mayankho atatuwo, loyamba ndi bodza.

Ndine Tryness, mai a Bothwell, zaka 58, wapampando wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu ku Zengeza 3, kufupi ndi Harare. Ndalemba zimenezi kuti ndizikumbukira kuti amene akunamayu ndi ndani.

Lachiwiri, 15 Okutobala

38.6. Kutsuka zilonda ndi madzi amchere kenako kupaka mafuta oyera. Ndinaluma pilo kuti ndisakuwe.

Woyandikana nane ndi mai Ketty a ku Unit L, dera lina la m'tauni yathu yomweyi. Shuga inawadya chala cha kuphazi. Anabadwira pafamu ya fodya ngati ine ndipo Chichewa chawo ndi chija chakale cha makolo athu. Pakamwa sipatseka. Andiuza kale matenda a munthu aliyense m'wodi muno, ndi ya amuna awo omwe.

Masana anabwera amuna anga a Laston, mlongo wawo a Florida, ndi mpongozi wanga Ruvarashe, mkazi wa Bothwell. Ruva anasenza chigubu cha madzi a pamjigo, chifukwa mipopi ya muno imatuluka ikafuna, ndiponso mpunga wothira chiponde. Anagwada pambali pa bedi n'kundilonjera m'Chishona.

"Maswera sei, amai?"

Ndinayankha nkhope ili kukhoma.

Anandipeza anamwino atatsuka koma asanamange, atangondifunditsa kansalu. A Florida ndi munthu wosadikira kuuzidwa. Anatukula kansaluko, anakuwa kuti "Mayo!" n'kujambula ndi foni. Anandionetsa. Kanali koyamba kuona msana wanga. Mizere yakuda ikutsika kuchokera m'khosi, ndipo paphewa lamanzere, pamene sipanaphulike, pali chikhatho cha munthu. Zala zisanu, zooneka bwinobwino, zakuda bii. Dzanja laling'ono, lamanzere.

"Mlamu, ili si dzanja la matenda," anatero a Florida. "Ili ndi dzanja la munthu wa m'nyumba."

Sanatchule dzina. Anangoyang'ana Ruva, amene nthawi imeneyo amapakula mpunga ndi dzanja lamanzere monga amachitira masiku onse. Ruva anaika supuni pansi.

Ine ndinati ndatopa, ndikufuna kugona. Chithunzicho pofika madzulo chinali chitafika kwa abale onse, mpaka a ku Kadoma.

Lachitatu, 16 Okutobala

38.0. Magazi alibe vuto lina. Lero mphamvu zilipo, ndilemba zonse.

Dokotala wa lero ndi mtsikana wovala magalasi, msinkhu wa Bothwell. Anayang'ana msana nthawi yaitali, kenako anakoka katani n'kukhala pampando.

"Amai, simunapse ndi madzi otentha," anatero. "Komanso palibe anakulodzani."

Analemba liwu limodzi pakhadi langa. Ndakopera mosamala, zilembo makumi awiri: phytophotodermatitis. Ndinamuuza kuti ndi lalitali ngati mzere wa pamjigo. Anaseka, nati ndi mawu atatu omangidwa pamodzi. Loyamba likutanthauza chomera, lachiwiri kuwala kwa dzuwa, lachitatu kutupa kwa khungu. Akuti madzi a zomera zina, makamaka timandimu tating'ono tobiriwira tija, akakhala pakhungu osatsukidwa munthu n'kukhalitsa padzuwa, khungu limapsa ngati lathiridwa mafuta otentha. Sizioneka nthawi yomweyo. Pamapita tsiku limodzi kapena awiri, ndiye matuza amatuluka. Pamene madziwo sanafike sipapsa. N'chifukwa chake chilonda chimajambula njira yonse imene madzi anadutsa, ngakhale dzanja lonyowa limene linagwirapo. Mafinyawo akuti ndinawaitana ndekha ndi dzira langa lija.

"Ndiye ndikufunseni, amai. Panali mandimu? Panali dzuwa?"

Ndinayang'ana pilo.

"Si udindo wanga kuuza anthu," anatero. "Ine ndingochiritsa khungu."

Liwu lachizungu landivula kuposa mmene anandivulira a Florida. Chomera ndikuchidziwa, dzuwa ndikulidziwa, tsiku lake ndikulidziwa.

Lachisanu pa 4 ndinauza a Laston kuti ndikupita ku Harare kukaona wodwala. Ndinakwera kombi n'kutsika kumene nyumba zimathera, n'kuyenda wapansi mpaka kumasowe, kumene anthu ovala zoyera amapemphera pamtetete pakati pa miyala. Ine yemwe, amene chaka chatha ndinaimitsa amayi awiri ku Chigwirizano chifukwa chopita komweko, ndipo mmodzi ndinamuliza pamaso pa anthu.

Mneneri wawo anali atandiuza kale kuti ndibwere ndi timandimu. Ndinatenga m'kireti ya Ruva, chifukwa iye amagulitsa zipatso pamsika wa ku Zengeza 2. Amayi a kumeneko anatiphwanya ndi mwala, makoko ndi madzi omwe, m'beseni. Kuseri kwa thanthwe ndinamanga nsalu pachifuwa. Mayi wina wochepa thupi anandigwira phewa ndi dzanja lamanzere, lamanja akuthira n'kumapaka. Anandigwaditsa kuyang'ana kum'mawa kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, ndipo anandiletsa kusamba mpaka tsiku lotsatira.

Chimene ndinakapempha ndi chakuti Ruvarashe abwerere kwawo.

Anandilakwira chiyani? Zaka zisanu zapitazo, tsiku lokapereka malowolo kwawo ku Seke, azakhali ake ananena poganiza kuti sindikumva kuti mwana wawo wapita kwa mabhurandaya opanda mtundu, dzina lotinyozera ife amene makolo athu anachita kubwera m'dziko lino kudzagwira ntchito. Mawu amenewo ndinawamva pafamu ndili mwana, ndinawamva kusukulu, ndipo sindinayembekeze kuwamva nditavala nsalu yatsopano ngati mpongozi. Koma Ruva sanali iye wonena. Kenako analowa m'khitchini mwanga. A Laston anayamba kuyamikira ndiwo zake, Bothwell anasiya kundifunsa nzeru. Basi. Ndafufuza china chachikulu choti ndilembe apa ndipo palibe. Papepala zikuoneka zazing'ono mochititsa manyazi.

Lachinayi, 17 Okutobala

37.6. Achotsa diripu. Jakisoni akupitirira.

Lero tsiku la amayi kutchalitchi. Anabwera khumi ndi mmodzi, mabulauzi oyera, maduku oyera, atanyamula nthochi, mabanzi ndi maheu. Anazungulira bedi n'kuimba mpaka odwala ena analowerera. Wachiwiri wanga anapemphera kuti mdani wobisala m'nyumba ya mai athu aonekere poyera, achite manyazi. Onse anati amen. Inenso ndinati amen. Pakati pawo panali mai Anna, uja ndinamuliza pamaso pa anthu uja. Ndi amene anandikonzera pilo.

Atachoka ndinaganiza kuti liwu la dokotala lindithandiza popanda ine kutsegula pakamwa. Bothwell atabwera ndi a Florida ndinamuonetsa khadi.

"Taona, si ufiti. Matenda ali ndi dzina."

Analifufuza pafoni n'kutiwerengera, akumasulira m'Chishona. Atafika pa mandimu, a Florida anaomba m'manja kamodzi.

"Eya! Ngakhale azungu avomereza. Munthu anapakidwa mandimu. Nanga pakhomo paja wa mandimu ndani? Amene amawatengera mai ako madzi osamba ndani?"

"Tete, mirai," anatero Bothwell, kuwapempha azakhali akewo kuti ayambe adikira. Koma mawu ake anali ofooka.

"Ndidikire chiyani? Afe kaye?"

Agwirizana kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi abale akumane kunyumba, ndipo Ruva akatulidwe kwa makolo ake ku Seke. Bothwell anandiyang'ana, maso ofiira, n'kufunsa ngati ndikukumbukira chilichonse cha tsiku limenelo. Ndinati mutu wanga sukuyenda bwino ndi mankhwala.

Ndiye chimene ndinakagwadira padzuwa chikuchitika. Chondiyenera ndi kungokhala chete masiku atatu.

Lachisanu, 18 Okutobala

37.9. Yakweranso pang'ono. Potsuka anachotsa khungu lakufa.

Ruva amuletsa kundibweretsera chakudya. Ndadya kabichi wa muno, wophikidwa ngati amamukwiyira. Madzi osamba ndapempha kwa mai Ketty.

Mai Ketty anali chete m'mawa wonse, chinthu chosachitika. Kenako anati, "Mai a Bothwell, katani ija ndi nsalu, si khoma. Ndinamva zimene dokotala anakufunsani, ndinamvanso kuti simunayankhe."

Ndinati asamale za phazi lawo.

"Phazi langa anadula chala, ndapumula," anatero. "Inu chovunda chanu chikadalipo."

Sindinawalankhulenso tsiku lonse. Nthochi ndinawapatsa.

Loweruka, 19 Okutobala

37.4.

Ruva anabwera nthawi yoona odwala ya m'mawa, 6 koloko, asanapite kumsika, pamene amadziwa kuti a Florida akadali m'tulo. Chigubu cha madzi kumanja, phala m'kambale. Maso otupa. Anandipukuta kumaso ndi m'manja monga wakhala akuchitira. Kenako anagwada pafupi ndi khutu langa.

"Amai, ndinoziva." Akudziwa.

Akuti Lachisanu lija anaona kuti timandimu tachepa m'kireti. Madzulo ake pochapa anapeza nsalu yanga ikununkha mandimu, yodetsedwa ndi dothi lofiira m'maondo. Mnzake wa pamsika anandiona ndikutsika kombi kumapeto kwa nyumba kuja. Wakhala akudziwa kuyambira tsiku loyamba.

"Nanga bwanji sunanene?" ndinafunsa. "Akukutcha mfiti."

Anati akanena, tchalitchi chindichotsa pampando ndipo anthu andiseka. Ndiye ananena chimene chikundisautsa mpaka pano. Ruva wapita padera kawiri, kachiwiri kanali mu Julayi. Iye akuganiza kuti ndinapita kumasowe kukamupempherera mimba. Akuti munthu wa udindo ngati ine kukagwada padzuwa chifukwa cha muroora, mpongozi chabe, ndi chinthu chimene ngakhale mai ake omubala sanamuchitire. Akuti apita ku Seke mwakachetechete, zinthu zikazizira Bothwell adzamutenga.

Anandigwira dzanja n'kuthokoza. Ine ndinalola kuthokozedwa. Phala ndinadya lonse.

Atatuluka, mai Ketty anatembenukira kukhoma. Bola akanatukwana.

Masana ndinaimbira a Laston. Ndinati mawa asanakumane kunyumba abwere onse kuno, ndi Ruva yemwe. Anafunsa chifukwa. Ndinati wodwala safunsidwa chifukwa. Tsopano ndili ndi njira ziwiri. Ndikhoza kunena zonse, kapena kungonena kuti ndinapita kumasowe, n'kusiya Ruva akhulupirire zake. Mpando utha, koma ndidzakhala mai wabwino amene anapsa chifukwa cha mpongozi. Bodza limenelo ndi lokoma, ndipo wandiphikira ndi mwiniwake.

Lamulungu, 20 Okutobala

37.0. Jakisoni watha, ayamba mapiritsi kanayi pa tsiku.

Anafika 1 koloko ndi zovala za kutchalitchi. A Laston ndi jekete lawo, a Florida ndi chipewa, Bothwell, ndipo kumbuyo kwenikweni Ruva. Zikwama zake akuti zinali kale pakhonde.

Ndinapempha namwino andikhazike tsonga. Ndinalankhula m'Chishona kuti Ruva amve liwu lililonse, ngakhale ndinadziwa kuti wodi yonse imvanso. Ndinati mandimu ndinaba ndekha m'kireti. Ndinati sindinapite ku Harare, ndinapita kumasowe. Ndinati chikhatho chili pamsanachi ndi cha mayi amene ngakhale dzina lake sindikulidziwa, ndipo ndinagwada padzuwa maola anayi mwa kufuna kwanga.

"Mlamu, mankhwala akukuzunguzani mutu," anatero a Florida.

"Mutu uli bwino. Funsani dokotala, ndamuloleza."

A Laston anakhala pansi pamphepete pa bedi la mai Ketty osapempha. "Mai a Bothwell," anatero, "inu? Kumasowe?" Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri m'banja, sindinawamvepo ndi mawu aang'ono chotero.

Apo Ruva anabwera kutsogolo, misozi ikutsika koma akumwetulira. Anawauza kuti asandikalipire, amai anapita chifukwa cha iye, anakamupempherera mwana. Ndinaona nkhope ya Bothwell ikufewa. Ndinaona a Florida akufunafuna mpango m'chikwama. Akanandikhululukira onse pomwepo.

"Ayi, Ruva," ndinatero. "Sindinakapemphe mwana. Ndinakapempha kuti uchoke pakhomo panga."

Munthu wina kumapeto kwa wodi anatseka wailesi.

Ruva anafunsa kamodzi kokha. "Ndakatadzei, amai?" Analakwa chiyani.

Ndinati palibe. Ndinayamba kufotokoza za azakhali ake, za ndiwo, koma ndinadzimva ndekha mmene zimamvekera ndipo ndinasiyira panjira. Ndinati palibe chimene unalakwa, mwanawe, ndipo ndinakusiya masiku asanu akukutcha mfiti ine ndikudya phala lako.

Anatenga chigubu chopanda madzi pansi pa bedi, chifukwa ndi chake, n'kutuluka. Bothwell anamutsatira osandiyang'ana. A Florida anati iwo amangofuna kuthandiza.

Ndilekere pano.

Lolemba, 21 Okutobala

36.8. Zilonda zauma, kupatula chimodzi cham'khosi.

Abwera a Laston okha. Anabweretsa buledi wosadula ndi tiyi wozizira, umboni woti anakonza okha. Anakhala ola lonse akuyang'ana nsapato zawo. Pochoka anati zikwama za Ruva zabwerera m'nyumba, ndipo a Florida alemba kwa abale kuti nkhani ija inali yolakwika. Sanalembe kuti analakwitsa ndani.

Ndang'amba tsamba limodzi m'kabuku kano n'kulemba kalata kwa abusa yotula pansi udindo. Ndalembanso ina kwa mai Anna. Yachiwiriyo inanditengera nthawi yaitali ngakhale ili ndi mizere inayi.

Mai Ketty ayambanso kundilankhula. Akuti dzulo ndinawathandiza, shuga yawo inatsika ndi nkhani yanga.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Anditulutsa. Ndikulemba ndili kunyumba, m'chipinda.

Dokotala anati mapiritsi ndimalize masiku asanu, chilonda cham'khosi ndizikatsukitsa kukiliniki, ndipo ndisaonetse msana ndi khosi padzuwa. Ndinafunsa za chikhatho. Anati kuda kwake kudzazilala, koma pang'onopang'ono, miyezi ingapo, mwina kupitirira chaka.

Ndimayembekeza a Laston. Anabwera Ruva. Anandigwadira moni monga mwa masiku onse, anapinda zovala zanga, anandimanga duku mosamala kuti lisakhudze chilonda. Anatsanzika mai Ketty.

Panja dzuwa linali pamutu. Anatsegula ambulera n'kundifunditsa kuyambira pakhomo la wodi mpaka pokwerera kombi, iye akuyenda padzuwa. Ndinayesa kuyamba kawiri konse. Kachitatu ndinangoti, "Mwanawe, undikhululukire."

Anayang'ana kumsewu. Anati iye ndi Bothwell apeza chipinda ku Unit L, asamuka Loweruka. Anati sakupita mokwiya, ndipo ndikadwala adzabwera. Koma sangathe kudzuka m'mawa uliwonse n'kuphika m'nyumba imene munthu anagwada maola anayi kuti iye achokemo.

Ndinati ndamva.

Pano ndikumva akukulunga mbale zake m'manyuzipepala kukhitchini. Bothwell akumasula bedi lawo. Ndikufuna kupita kukathandiza, koma ndikuopa kuti aganiza kuti ndikuwafulumizitsa.